BUKU LOSAFUFUTIKA NDI MAKIYI AKE: Kodi Ndalama za pa Blockchain N'zotetezeka?

M'zaka zapitazi mwabwera mawu achilendo amene tikuwamva pa msika wa Golomoti, m'maminibasi a pa msewu wa Salima ndi Balaka, ndiponso m'mafoni a ana athu. Mawuwo ndi Bitcoin, crypto, USDT ndi blockchain. Ena akuti izi ndiye ndalama zam'tsogolo. Ena akuti m'bale wathu wa ku Joni angathe kutumiza thandizo kudzera m'njira imeneyi popanda kudulidwa zambiri. Ndipo pafupifupi aliyense wobwera kudzatikopa amanena mawu amodzimodzi: "Musaope, izi n'zotetezedwa ndi blockchain, palibe angabe."

M'mawu amenewa muli choona, komanso muli msampha. N'zoona kuti buku limene ndalamazi zimalembedwamo ndi lovuta kwambiri kulisintha. Koma anthu zikwizikwi ataya chuma chawo bukulo lili bwinobwino, losafufutidwa ngakhale mzere umodzi. Tsono tiyeni tione pamodzi chimene blockchain imateteza ndi chimene siiteteza, kuti wina akabwera ndi nkhaniyi pakhomo pathu tidziwe mafunso omufunsa.

TIYAMBIRE PA BOKOSI LA BANKI MKHONDE

Ambiri a ife tili m'magulu a banki mkhonde, ndipo amene sali m'gulu adaonako mmene zimayendera. Bokosi limakhala lachitsulo, la maloko atatu. Makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ngakhale mmodzi. Silitsekulidwa mseri ayi, koma pamaso pa gulu lonse. Membala akagula masheya, ndalama zimawerengedwa mokweza, mlembi amalemba m'buku lalikulu, ndipo m'kabuku ka membalayo amadindamo chidindo. Potseka msonkhano amalengeza ndalama zimene zatsala m'bokosi kuti aliyense apite nazo m'mutu, ndipo sabata yotsatira wapampando amafunsa kuti, "Tidatseka ndi zingati?"

N'chifukwa chiyani timadzivutitsa chonchi, chonsecho ndife a mudzi umodzi, enanso a Mphakati umodzi? Si kuti timamuyesa wakuba msungichuma wathu. Koma tidaphunzira kuti ndalama zikakhala kwa munthu mmodzi, buku lilinso kwa iye yemweyo, ndiye kuti tamuika m'mayesero, ndipo tsiku la mkangano sipapezeka umboni. Pamene m'gulu loyenda bwino, mlembi atati asinthe nambala m'buku lalikulu, timabuku ta mamembala 25 tidzamutsutsa.

Dziko lathu lidaona kale zimene zimachitika buku likakhala limodzi ndipo lili m'manja mwa anthu ochepa. M'chaka cha 2013 kudaululika nkhani ya Cashgate. Anthu ena ku Capital Hill ankalemba m'makompyuta a boma malipiro opita ku makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zolembazo kuti pasaoneke phazi. Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013. Tikumbukenso chisankho cha pa 21 May 2019. Mapepala ambiri a zotsatira adapakidwa Tippex n'kulembedwanso manambala ena, ndipo pa 3 February 2020 khoti lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Nkhani ziwirizi zikusiyana, koma funso lake ndi limodzi: tingalembe bwanji zinthu mwa njira yakuti wina asadzazisinthe usiku ife tili m'tulo?

KODI BLOCKCHAIN N'CHIYANI?

Blockchain ndi yankho limodzi la funso limeneli. Si ndalama ayi, ndi buku. Ndi kalembedwe ka buku la ndalama kapena la zinthu zina, losungidwa m'makompyuta olumikizana pa intaneti. Njirayi idatchuka ndi Bitcoin. Pa 31 October 2008 munthu wodzitcha Satoshi Nakamoto, amene dzina lake lenileni silidadziwike, adafalitsa kalata ya masamba asanu ndi anayi yofotokoza maganizo ake, ndipo pa 3 January 2009 tsamba loyamba la buku la Bitcoin lidalembedwa. Kulimba kwa bukuli kwagona pa zinthu zitatu.

Choyamba, bukuli si limodzi. Makompyuta zikwizikwi m'mayiko osiyanasiyana amasunga buku lonse, kuyambira tsamba loyamba lija mpaka la lero. Aliyense wofuna angathe kutenga lake n'kumalisunga. Palibe likulu, palibe ofesi ya mlembi wamkulu. Zili ngati kuti membala aliyense wa banki mkhonde ali ndi buku lalikulu lonse, osati kabuku kake kokha. Wina akasintha la kwake, wangodziwonongera yekha, chifukwa anzake onse alikana.

Chachiwiri, masamba ake ndi omangana. Apa pafunika kudekha pang'ono. Tiyerekeze kuti m'kalasi tagwirizana kuti chilembo A chikhale 1, B chikhale 2, mpaka Z. Tikalemba chiganizo pa bolodi n'kuphatikiza manambala a zilembo zake zonse, tipeza nambala imodzi. Mwana wina akabwera nthawi yopuma n'kusintha chilembo chimodzi, tikaphatikizanso tipeza nambala ina, ndipo tidziwa kuti pachitika chinyengo ngakhale sitidamuone. Makompyuta amachita zofanana ndi zimenezi, koma ndi masamu ozama kwambiri otchedwa SHA-256. Amatenga zonse zolembedwa pa tsamba n'kutulutsa chidindo cha zilembo ndi manambala 64. Mukasintha K5,000 kukhala K50,000, kapena kungochotsa kadontho kamodzi, chidindo chonse chimasinthiratu. Tsono nzeru yake ili apa: tsamba lililonse latsopano limayamba ndi chidindo cha tsamba lapitalo. Wofuna kusintha tsamba la chaka chatha ayenera kulembanso tsamba lotsatira, ndi lotsatiranso, mpaka la lero. Tsamba lotere ndilo amalitcha block, ndipo kumangana kwake ngati unyolo ndiko kudabweretsa dzina lakuti blockchain.

Chachitatu, kulemba tsamba latsopano n'kodula. Mu Bitcoin tsamba limodzi limalembedwa pafupifupi mphindi khumi zilizonse, ndipo amene alilembe amapezeka mwa mpikisano. Makompyuta amphamvu amayesa manambala mabiliyoni osawerengeka mpaka imodzi itapeza nambala yotulutsa chidindo choyenera. Wopambana amalandira mphotho ya Bitcoin yatsopano. Kuyambira April 2024 mphothoyo ndi 3.125 pa tsamba. Ntchito imeneyi amaitcha kukumba, ngakhale palibe khasu. Imadya magetsi ochuluka zedi. Malo opangira magetsi a dzuwa amene tili nawo pa Golomoti, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022, amatulutsa mamegawati 20. Kuti tidyetse makompyuta onse okumba Bitcoin pa dziko lapansi pangafunike malo otere zikwizikwi. Ngakhale kuno kwathu ntchitoyi idafika: mu 2023 kampani ya Gridless idaika makina okumba Bitcoin kwa Bondo ku Mulanje, ogwiritsa ntchito magetsi otsala a kamtsinje komweko. Kaya n'kwanzeru kuti dziko lapansi liziwotcha magetsi ochuluka chotere pamene midzi yathu yambiri ikadali mu mdima, imeneyo ndi nkhani yoyenera kukambirana payokha. Koma pa nkhani ya chitetezo, kudula kumeneku ndiye mpanda. Wakuba wofuna kulembanso masamba akale ayenera kukhala ndi makina oposa a anzake onse ataphatikizana.

Mpanda umenewu si wofanana pa blockchain iliyonse. Pali mabuku otere ambirimbiri, ndipo ang'onoang'ono ali ndi alonda ochepa. Blockchain yotchedwa Ethereum Classic idathyoledwa m'njira imeneyi mu January 2019, ndiponso katatu mu August 2020: anthu ena adapeza mphamvu yoposa theka, nalembanso masamba, nagwiritsa ntchito ndalama imodzimodzi kawiri. N'chimodzimodzi gulu la anthu asanu limene atatu mwa iwo agwirizana kunama. Koma buku la Bitcoin silidagonjetsedwepo mwa njira imeneyi. Pamenepa otikopa aja akunena zoona.

Nanga ngati buku ndi lolimba chotere, ndalama zimabedwa bwanji?

KIYI

M'buku la blockchain simulembedwa maina a anthu. Mumalembedwa manambala aatali okhala ngati ma adiresi. Adiresi iliyonse ili ndi kiyi wake wachinsinsi, ndipo amene ali ndi kiyiyo ndiye angasunthe ndalama za pa adiresiyo. Kawirikawiri munthu akatsekula chikwama chotere pa foni amapatsidwa mawu achingerezi 12 kapena 24 oti awalembe ndi kuwabisa. Mawu amenewo ndiwo kiyi. Buku silifunsa chiphaso cha unzika, silidziwa nkhope, silidziwa mfumu ya kwanu. Limangodziwa kiyi. Wakuba akapeza mawuwo, kwa bukulo iyeyo ndiye mwini.

Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba zimene tidazizolowera. Tikaiwala nambala yachinsinsi, timapita ku ofesi ndi chiphaso n'kutithandiza. Tikatumiza ndalama ku nambala yolakwika timaimbira kampani, ndipo nthawi zina zimabwezedwa ngati winayo sadazitape. Pa Bitcoin palibe ofesi, palibe woimbira. Kusafufutika kuja kumene timakuyamikira kumatitembenukira: malipiro olakwika nawonso safufutika, ndipo ndalama zimene wakuba watumiza kwake zimalembedwa mokhulupirika ngati zina zonse.

Kutaya kiyi n'kutaya zonse. Bambo wina wa ku Newport m'dziko la Wales, James Howells, ananena kuti mu 2013 kachipangizo ka kompyuta kokhala ndi kiyi wa Bitcoin pafupifupi 8,000 kadatayidwa ku dzala la mzindawo. Kwa zaka zoposa khumi adapempha kuti akafukule dzalalo, ndipo mu January 2025 khoti lidakana mlandu wake. Ndalamazo zikuonekabe m'buku, aliyense angathe kuziona, koma palibe angazikhudze. Tsono tiganize za kwathu kuno, kumene pepala limadyedwa ndi chiswe, kumene madzi osefukira amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, kumene foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse ndipo imakasiyidwa pa golosale tsiku lonse kuti itchajidwe. Tiganizenso za imfa. Bambo akamwalira ali ndi ndalama ku banki, mayi ndi ana angathe kuzilondola ngakhale movutikira, ndi makalata a kwa DC. Akamwalira mawu 12 aja ali m'mutu mwake, chumacho chaikidwa naye m'manda.

Ndipo akuba safunika kuthyola masamu. Amangopempha kiyi. Tonse tikudziwa mauthenga aja akuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi," kapena foni ya munthu wodzitcha wa ku kampani wofuna nambala yanu yachinsinsi kuti akukonzereni vuto. Akathyali a crypto amachita chimodzimodzi: amatumiza uthenga pa WhatsApp kapena Facebook wonena kuti chikwama chanu chatsekedwa, lembani mawu anu 12 apa kuti chitsekulidwe. Palibe kampani yoona imene imafunsa mawu amenewo. Wofunsa aliyense ndi wakuba, ngakhale alankhule mwaulemu chotani.

KUSUNGITSA KWA ENA

Chifukwa kusunga kiyi n'kovuta, anthu ambiri amasungitsa ndalama zawo ku makampani ogula ndi kugulitsa crypto. Izi n'zophweka, koma tizindikire chimene chachitika: kiyi ali kwa kampaniyo. Chimene mukuona pa foni yanu si blockchain ayi, ndi nambala imene kampani yalemba m'buku lake. Tabwereranso kwa mlembi mmodzi wosunga buku ndi bokosi lomwe.

Mbiri ya makampani otere ndi yodetsa nkhawa. Mu February 2014 kampani ya Mt. Gox ya ku Tokyo, imene inali yaikulu koposa nthawi imeneyo, idatseka n'kulengeza kuti Bitcoin pafupifupi 850,000 zasowa. Mu November 2022 kampani ya FTX idagwa zitadziwika kuti idatenga ndalama za makasitomala n'kuzigwiritsa ntchito zina. Mwini wake, Sam Bankman-Fried, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 25 mu March 2024.

Koma nkhani imene ife a banki mkhonde tiyenera kuimvetsa bwino ndi ya kampani ya Bybit mu February 2025. Kampaniyi idachita mwanzeru monga timachitira ife: chuma chake chachikulu sichikadasuntha popanda akuluakulu angapo kuvomereza, aliyense ndi kiyi wake. Akuba sadabe makiyiwo. Adalowerera pulogalamu imene akuluakuluwo ankaonerapo zimene akusayinira, kotero kuti pa kompyuta pankaoneka malipiro abwinobwino pamene pansi pake panali lamulo lopereka chuma kwa akubawo. Onse adavomereza. Ndalama zokwana pafupifupi madola 1.5 biliyoni zidapita tsiku limodzi, ndipo bungwe la FBI la ku America lidati adachita izi ndi akuba a boma la North Korea. Maloko atatu sathandiza ngati osunga makiyi onse atatu akusayinira chinthu chimene sadachione ndi maso awo. Izitu zimachitikanso m'makomiti athu a sukulu ndi a chitukuko, pamene wapampando asayinira cheke chosalembedwa chifukwa msungichuma wati ali pa changu.

AKATHYALI OBISALA M'DZINA LA BLOCKCHAIN

Ngozi yaikulu kwa ife a kumudzi si akuba a makompyuta a kutali. Ndi munthu wovala bwino, nthawi zina wachibale kapena wopemphera naye, amene amabwera ndi foni yoonetsa manambala akukwera.

Abale athu okhala ku South Africa akuidziwa nkhani ya Mirror Trading International. Kampaniyi, imene mkulu wake anali Johann Steynberg, inkauza anthu kuti apereke Bitcoin yawo, ndipo kompyuta yanzeru idzawachitira malonda n'kumawapatsa phindu lofika 10 pa 100 aliyense pa mwezi. Wobweretsa mnzake ankalandira kangachepe. Bungwe loyang'anira za chuma la dzikolo lidachenjeza anthu mu August 2020, koma ambiri sadamve, chifukwa oyamba kulowa ankalandiradi. Mu December 2020 Steynberg adathawa ndipo kampani idagwa. Adamangidwa ku Brazil mu December 2021. Akuluakulu a ku America adawerengera kuti adatolera Bitcoin zoposa 29,000, za mtengo woposa madola 1.7 biliyoni. Malonda aja kunalibe. Ndalama za olowa lero ndizo zinkalipira olowa dzulo. Onani kuti Bitcoin imene anthu ankapereka inali yeniyeni, ndipo blockchain idalemba zopereka zawo zonse mosalakwitsa. Bodza linali pa lonjezo.

Ina ndi OneCoin ya mayi Ruja Ignatova wa ku Bulgaria, imene idafalikira m'mayiko ambiri kuphatikizapo a mu Africa muno, kudzera m'misonkhano ya m'mahotela ndi mwa achibale. Idatolera madola oposa 4 biliyoni. Mayiyo adasowa mu October 2017, ndipo mu 2022 FBI idamuika pa mndandanda wa anthu khumi ofunidwa kwambiri. Imeneyi ndiye inalibe n'komwe blockchain yeniyeni. Manambala amene anthu ankaona ankangolembedwa ndi eni kampani.

Tiyeni tichite masamu a ku pulayimale. K100,000 ikamabereka 10 pa 100 mwezi uliwonse, phindu n'kumabwereranso momwemo, pakutha chaka ikhala pafupifupi K314,000. Pakutha zaka zisanu ipitirira K30 miliyoni. Munthu wokhala ndi makina ochita zimenezi angavutikirenji kukwera minibasi kudzafuna ndalama ya mpunga ya mlimi wa ku sikimu ya Bwanje?

Wina anena kuti, "Koma kugulu kwathu timakongozana pa chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 pa mwezi, ndipo pogawana timapeza phindu." N'zoona. Koma phindu limenelo timalidziwa kochokera. Mayi uje adakongola, adakapikula usipa kunyanja, adakagulitsa ku Dedza kapena ku Lilongwe, nabweza ndi chiwongoladzanja. Timamudziwa, timadziwa pakhomo pake, ndipo phindulo lili ndi malire ake, chifukwa ndi ndalama zathu zomwe zikuzungulira pakati pathu. Funso loyenera kufunsa wotikopa ndi lomweli: phinduli akulipanga ndani, pogulitsa chiyani, kwa yani? Akayankha kuti "ndi blockchain," sadayankhe. Buku silibereka ndalama. Akawonjeza kuti mubweretse anzanu atatu kuti mukwere gawo, kapena kuti mulipire kaye ndalama ina kuti mutape phindu lanu, musadikire umboni wina.

Tisanyoze amene amakopeka. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Munthu amene adasunga ndalama ya malata adadzuka m'mawa ikugula ochepa. N'zomveka kuti afune posungira pena. Koma mtengo wa crypto nawo suima. Bitcoin imodzi inali pafupifupi madola 69,000 mu November 2021, ndipo pofika November 2022 idatsika kufika pafupifupi 16,000. Pambuyo pake idakweranso kuposa kale, koma amene adafuna ndalama ya feteleza kapena ya fizi m'mwezi wotsikawo sadathe kudikira. Palinso ndalama zina zimene amati n'zokhazikika, imodzi ikhale yofanana ndi dola imodzi, monga USDT. Kukhazikika kwake kumadalira kampani imene idalonjeza kuti ikusunga chuma chokwanira kumbuyo kwake, osati masamu a buku. Ina ya mtundu wokhazikikawu, TerraUSD, idagwa m'masiku ochepa mu May 2022 n'kusanduka yopanda ntchito.

BODZA LIKALEMBEDWA M'BUKU LOSAFUFUTIKA

Blockchain siigwira ntchito pa ndalama zokha. Mu 2017 bungwe la World Food Programme lidayamba kuigwiritsa ntchito polemba thandizo la chakudya la anthu othawa nkhondo ya ku Syria okhala m'misasa ya ku Jordan. Mu 2018 kampani ya Zambian Breweries idayamba kulemba m'njira yotere chinangwa chimene imagula kwa alimi ang'onoang'ono, mlimi n'kumalandira uthenga pa foni wonena kulemera kwa katundu wake ndi mtengo wake. Izi n'zothandiza, ndipo n'kutheka kuti tsiku lina wina adzabwera kuno ndi maganizo akuti kaundula wa malo, kapena wa olandira zipangizo za ulimi zotsika mtengo, alembedwe chonchi.

Tsiku limenelo tidzakumbukire kuti buku limateteza zimene zalembedwa, koma silidziwa ngati zolembedwazo n'zoona. Sikelo ikabera mlimi makilogalamu awiri pa thumba, blockchain idzasunga kulemera kwabodzako. Wolemba maina akaikamo anthu amene adamwalira kale, kapena akalemba munda wa mayi wamasiye m'dzina la mlamu wake, bodzalo lidzakhala lolimba kuposa kale, ndipo adzatiuza kuti kompyuta siinama. Choncho kuitana maina pabwalo pamaso pa mudzi wonse, kuyendera malire pamodzi ndi oyandikana nawo, ndi kuyang'ana sikelo ndi maso athu, ndi ntchito zimene makina sangatichotsere. Pamene pafunika maso ambiri ndi pa khomo lolowera m'buku.

KODI LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Ndalama yovomerezeka ndi lamulo m'Malawi ndi kwacha. Mu May 2019 Reserve Bank of Malawi, pa nthawi imene gavanala anali Dr. Dalitso Kabambe, idatulutsa chikalata chochenjeza kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, kuti bankiyo siyang'anira malonda ake, ndipo kuti wochita nawo akuchita podziwa kuti zikavuta ndi zake. Tanthauzo lake kwa ife ndi ili: banki, SACCO kapena kampani ya ndalama za pa foni ili ndi chiphaso, ili ndi ofesi, ndipo ili ndi woiyang'anira amene tingakadandauleko. Kampani ya pa intaneti imene sitidziwa ngakhale dziko limene ili, tikaisumira kuti?

Izi sizitanthauza kuti wakuba ndi womasuka. Kubera munthu mwachinyengo ndi mlandu, kaya wachita ndi pakamwa kaya ndi foni, ndipo tili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Amene waberedwa apite ku polisi msanga, atasunga mauthenga onse, manambala a foni ndi malisiti a kwa ejenti. Auzenso anzake a m'gulu ndi a mu Mphakati, ngakhale zili zochititsa manyazi, chifukwa akathyali amadalira manyazi athuwo kuti afike pa khomo lotsatira. Ndipo achenjere ndi wachiwiri amene adzabwere kunena kuti angathe kubweza ndalama zobedwazo mutamulipira kaye. Kawirikawiri amakhala a gulu lomwelo.

Kwa magulu a banki mkhonde tikunena mosabisa: ndalama za m'bokosi ndi za mamembala onse, ndipo wapampando, mlembi kapena msungichuma alibe mphamvu yozitenga kukaziika m'malonda a pa foni, ngakhale atalonjeza kubweza ndi phindu tsiku logawana lisanafike. Gulu limene layamba kusunga ndalama zake pa foni lisalole kuti nambala yachinsinsi ndi foniyo zikhale kwa munthu mmodzi, ndipo uthenga wa ndalama zotsala uziwerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse, monga timachitira ndi bokosi.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE MU MPHAKATI

Kodi m'dera lathu mudabwerapo anthu olonjeza phindu lalikulu kudzera pa foni? Adagwiritsa ntchito mawu otani, ndipo adadzera mwa yani?

M'gulu lathu kapena m'komiti yathu, ndani amasunga buku, ndani amasunga ndalama, ndipo ndi liti pamene tonse tidaona zolembedwazo ndi maso athu?

Mmodzi wa ife atamwalira lero, kodi a m'banja lake angadziwe kumene kuli ndalama zake ndi mmene angazipezere, popanda iye kuulula nambala yake yachinsinsi kwa aliyense akadali moyo?